Kodi Mwala Wotchedwa Zomba Ngwathu?

 Nkhani imene ndiri nayo inautsa mkangano waukulu m'nyumba yathu yogona teremu yathayi, ndipo popeza usiku umenewo anzanga anandiposa ndi phokoso, ndaganiza kuti ndiwayankhe pano, pamene munthu angathe kutsiriza mau ake popanda womdula pakamwa.

Tsiku lina aphunzitsi athu a sayansi, potiphunzitsa za dzuwa ndi maiko amene amalizungulira, anatiuza kuti kumwamba kuli mwala wina waukulu umene dzina lake ndi Zomba. Tonse tinaseka, poyesa kuti angofuna kutichotsa tulo, pakuti inali nthawi ya masana titangodya nsima ya nyemba. Koma iwo anatsimikiza kuti sanali kucheza iai. Mwalawo ulipo ndithu, nambala yake ndi 1468, ndipo dzina lake linatengedwa ku mzinda wa Zomba womwe uja tonse tiudziwa.

Madzulo ake anyamata anagawikana pawiri. Ena ananyada kwambiri, nati dziko lathu nlotchuka kufikira kumwamba, ndipo tiri ndi mwala wathuwathu pakati pa nyenyezi. Ena anati zonsezo nzachabe, pakuti mwala sudyedwa, ndiponso sudzabwera pa mayeso. Ine ndikuti mbali zonse ziwiri zalakwa. Koma ndisanapereke zifukwa zanga, ndiyenera kufotokoza chimene mwalawo uli ndi m'mene unapezekera, pakuti ambiri amene anakweza mau usiku uja sanafunse kanthu, ndipo akulu anati safunsa anadya phula.

Tonse tidziwa kuti dziko lathu lapansi limazungulira dzuwa kamodzi pa chaka, ndi kuti liri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni kuchokera ku dzuwalo. Kupitirira ife kuli Mars, ndipo kupitirira Mars, kutali ndithu, kuli Jupiter, amene aposa maiko onse ozungulira dzuwa pa kukula. Pakati pa awiriwa pali danga lalikulu, ndipo m'dangamo mumayenda miyala yambirimbiri, ina yonga nyumba, ina yonga phiri, ina yoti ingaphimbe chigawo chathunthu cha dziko lathu. Pa Chingerezi mwala wotere amautcha asteroid. Akatswiri a zakuthambo amati miyalayi ndi zotsala za nthawi imene maiko anali kuumbika, ndi kuti mphamvu yokoka ya Jupiter inaisokoneza kotero kuti sinathe kugwirizana nʼkukhala dziko limodzi. Imene yadziwika kufikira lero yapitirira miliyoni imodzi, komabe mutaiunjika yonse pamodzi siingafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera kwa mwezi.

Pakati pa unyinji umenewu Zomba ndi wamng'ono chabe. Kuchokera mbali ina kufika mbali ina ndi makilomita ngati 7, mtunda umene munthu wa miyendo yabwino angayende pa ola limodzi ndi theka. Alibe kuwala kwakekwake, koma angobweza kuwala kwa dzuwa monga uchitira mwezi, ndipo ali kutali kwambiri kotero kuti palibe munthu angamuone ndi maso okha, ngakhale usiku wa mdima wandiweyani. Tsono chinthu chotere chinapezeka bwanji?

Anachipeza ndi Bambo Cyril Jackson, pa 23 July 1938, ali ku Union Observatory mu mzinda wa Johannesburg. Iwowa anabadwira ku England m'chaka cha 1903, napita ku South Africa akali mwana. M'masiku amenewo miyala yotere inali kufunidwa ndi zithunzi, monga anayambira Max Wolf wa ku Germany m'chaka cha 1891. Munthu ankaika galasi lojambulira kumbuyo kwa makina oonera kutali, nalozetsa makinawo mbali imodzi ya thambo kwa nthawi yaitali. Makinawo ankatembenuka pang'onopang'ono motsata nyenyezi, ndipo potero nyenyezi iriyonse inkatuluka pa galasi ngati kadontho. Koma mwala, popeza umayenda pakati pa nyenyezizo, unkasiya kamzere kakafupi. Kutacha, munthuyo ankakhala pansi ndi galasi lokuzira zinthu, nafufuza kamzere kamodzi pakati pa timadontho zikwizikwi. Amene ali ndi abale amene anagwirako ntchito ku Joni akawafunse za chisanu cha kumeneko m'mwezi wa July, ndipo adzazindikira kuti kuchezera pa makina usiku wotere sikunali kusewera. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Bambo Jackson anapeza miyala 72 pa moyo wao, ndipo popeza wopeza ndiye amaloledwa kutchula dzina, yambiri anaipatsa maina a malo a mu Africa. Kumwambako kuli Zambesia, Mashona, Beira, Ndola, Kariba, Limpopo ndi Mombasa, ndipo pakati pa amenewa pali Zomba, amene nthawi imeneyo anali likulu la Nyasaland.

Tsono tamverani, anzanga, pakuti apa mpamene pagona nkhani yanga. Kuona mwala pa chithunzi sikuupeza iai. Mwalawo suima. Mawa uli pena, mwezi wamawa wazilala, ndipo posachedwa walowa m'kuwala kwa dzuwa kumene sungaonekenso. Ngati munthu sadziwa njira imene ukuyenda, ndiye kuti wautaya, monga mbuzi imene waiona kamodzi kuthengo osadziwa khola lake.

Zinatero ndi woyamba weniweni, wotchedwa Ceres, umene uli waukulu koposa yonse ya m'danga lija. Anaupeza ndi wansembe wina, Giuseppe Piazzi, ku Palermo pa 1 January 1801. Anautsata kufikira m'mwezi wa February, kenaka unasowa, ndipo akatswiri anaufunafuna osaupeza. Pamenepo mnyamata wina wa ku Germany wa zaka 24, dzina lake Carl Friedrich Gauss, anatenga manambala ochepa amene Piazzi analemba, nakhala pansi ndi pepala, nawerengera njira yonse ya Ceres, nanena malo amene adzaonekere. M'mwezi wa December chaka chomwecho Franz von Zach analozetsa makina ake kumeneko, naupeza. Taonani, maso anautaya, koma masamu anaubweza.

Ina sinachite mwai wotere. Mwala wotchedwa Albert anaupeza ndi Johann Palisa ku Vienna m'chaka cha 1911. Unapatsidwa nambala ndi dzina njira yake isanadziwike bwino, ndipo unatayika zaka 89, mpaka unapezekanso m'chaka cha 2000. Zaka zonsezo dzina linalipo m'mabuku, koma mwini dzina panalibe womudziwa kumene ali. Masiku ano lamulo nlakuti mwala supatsidwa nambala yokhazikika kufikira utaonedwa nthawi zambiri, ndipo njira yake yadziwika mosakayikitsa.

Nanga njira ya Zomba njotani? Siiri yozungulira bwinobwino ngati mkombero wa lichero, koma njotalikirapo mbali imodzi, ndipo dzuwa siliri pakati penipeni. Akayandikira kwambiri amafika pa makilomita ngati 240 miliyoni kuchokera ku dzuwa, ndipo akatalikira amafika pa makilomita ngati 420 miliyoni. Pamene ali pafupi amathamanga, ndipo pamene ali kutali amayenda mozengereza. Mbali yaikulu ya ulendo wake amakhala m'danga lija pamodzi ndi miyala inzake, koma pobwerera amatsika kufikira alowa pang'ono m'dera limene Mars amafikamo, pakuti Mars akatalikira amafika pa makilomita ngati 250 miliyoni. Chifukwa cha ichi akatswiri amamuwerengera m'gulu la miyala yodutsa njira ya Mars. Njira yakeyo njopendekeka madigiri ngati 10 poyerekeza ndi ya dziko lathu. Ndipo amene ali ndi mantha akhazike mtima pansi, pakuti Zomba safika konse pafupi ndi njira yathu.

Ndiyenera kuulula pano kuti ine sindine katswiri wa masamu, ndipo a m'kalasi mwanga adziwa bwino malikisi amene ndinapeza teremu yoyamba. Koma aphunzitsi athu anatiuza za lamulo limene Johannes Kepler anafalitsa m'chaka cha 1619, lonena kuti ukadziwa kutalika kwa chinthu kuchokera ku dzuwa, ungathe kudziwanso nthawi imene chimatenga kuti chizungulire. Usiku wina pa nthawi yowerenga ndinati ndiyese ndekha, kuti ndione ngati nzoona.

Ndinachita motere. Mtunda wa pakati pa ife ndi dzuwa tiutenge ngati muyeso umodzi. Pamenepo Zomba akayandikira ali pa miyeso 1.6, ndipo akatalikira ali pa miyeso 2.8. Kuphatikiza ziwirizi nʼkugawa pawiri tipeza 2.2. Lamulo likuti nambala imeneyi tiichulukitse katatu: 2.2 kuchulukitsa ndi 2.2 ndi 4.84, ndipo 4.84 kuchulukitsanso ndi 2.2 ndi 10.648. Chatsala ndi kupeza nambala imene, ikachulukitsidwa ndi iyo yokha, ibala 10.648, ndiyo square root ija imene ambiri a ife timaida. Ndinayesa 3.2 ndipo inachepa. Ndinayesa 3.3 ndipo inapyola. Potsiriza ndinafika pa 3.26, ndiko kuti zaka zitatu ndi miyezi itatu. M'mawa mwake ndinapita nazo kwa aphunzitsi, ndipo iwo anandionetsa zimene akatswiri anapeza, kuti Zomba amazungulira dzuwa pa masiku ngati 1,188. Gawani nokha masiku amenewa ndi 365, ndipo muone ngati ndinaphonya.

Sindingathe kufotokoza bwino m'mene ndinamvera m'mtima tsiku limenelo. Ine, amene sindinagwirepo makina oonera kutali chibadwire, ndinadziwa kutalika kwa chaka cha mwala umene sindidzauona ndi maso anga, ndipo zida zanga zinali pensulo ndi chikuto cha kope lakale. Ndinapitiriza kuwerengera, ndipo ndinapeza kuti kuyambira usiku uja wa 1938 Zomba wazungulira dzuwa maulendo oposa 26, osaphonya njira.

Tsopano ndiyankhe anzanga onyada aja. Inu mukuti mwalawo ngwathu chifukwa uli ndi dzina la mzinda wathu. Kodi tinachitapo chiyani kuti ukhale wathu? Anaupeza ndi mlendo, ali ku dziko lina, ndi makina a eni ake. Amene anawerengera njira yake ndi alendonso. Ife tinangopatsidwa dzina, monga mwana apatsidwa dzina ali m'chikuta iye osadziwa. Sindikunyoza mphatsoyo iai, ndipo Bambo Jackson ayenera ulemu pa ntchito yao. Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Dzina lopatsidwa ndi wina ndi fodya wapachala. Nkhani ya Albert ija yationetsa kuti dzina lokha siligwira mwala. Chimene chimaugwira ndi kudziwa njira yake.

Makolo athu a m'chaka cha 1938 tisawaimbe mlandu. Pamene Bambo Jackson anali kujambula thambo, m'dziko lathu munalibe ngakhale sukulu imodzi ya sekondale, pakuti yoyamba, ya ku Blantyre, inatsegulidwa m'chaka cha 1940. Mnyamata wanzeru wa ku Zomba wa nthawi imeneyo, ngakhale akadafunitsitsa chotani, analibe womphunzitsa lamulo la Kepler. Koma ife tidzanena chiyani? Tiri ndi aphunzitsi, tiri ndi mabuku, tiri ndi nyali zowerengera usiku. Likulu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, zinthu zambiri zasintha, koma pa nkhani ya kumwambayi ambiri a ife tikali kudikira kuti alendo atiuze.

Nditembenukire kwa anzanga ena aja, amene anati mwala sudyedwa. Ndikubvomera kuti sudyedwa. Ndidziwanso kuti makolo athu amagulitsa mtedza ndi chimanga kuti atilipirire sukulu, ndipo akuyembekeza kuti tidzawathandiza, osati kuti tizikayang'ana kumwamba kukhosi kuli gwa. Mau amenewa ngolemera, ndipo sindiwapeputsa. Koma kunena kuti kudziwa njira za miyalayi kulibe phindu ndiko kulakwa, pakuti siyonse imakhala kutali monga Zomba.

Pa 15 February 2013 mwala wa mamita ngati 20 unaphulika m'mlengalenga pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anabvulala, ambiri chifukwa cha magalasi a mazenera amene anasweka. Palibe amene anauona ukubwera. Pa 2 June 2018 akatswiri a ku Arizona anaona kamwala kena kakang'ono, ndipo atawerengera njira yake anazindikira kuti kalinkudza ku dziko lapansi. Patapita maola ochepa kanayaka m'mlengalenga pamwamba pa Botswana, dziko la kuno kwathu kumwera kwa Africa, ndipo pambuyo pake masamu anathandiza ofufuza, ena a iwo a ku Botswana komweko, kupeza zidutswa zake m'chipululu cha Kalahari. Ndiponso m'mwezi wa September 2022 a bungwe la NASA anaombetsa dala chombo chao chotchedwa DART pa mwala wotchedwa Dimorphos, umene umazungulira mwala unzake, nafupikitsa nthawi ya kuzungulira kwake ndi mphindi zoposa 30. Anachita izi pofuna kuona ngati anthu angathe kupatutsa mwala woopsa usanatigwere. Zonsezi zatheka chifukwa cha masamu omwe aja amene Gauss anagwiritsa ntchito pofuna Ceres.

Koma ngakhale pakadapanda zoopsa zotere, ndikadanenabe chimodzimodzi. Mwana amene waphunzira kuyeza mosamala, kulemba chimene waona osati chimene akufuna, ndi kubwereza masamu ake kufikira atalondola, ameneyo adzamanga mlatho wosagwa, ndipo adzapereka mankhwala pa muyeso wake. Dziko lathu lisowa anthu otere koposa m'mene lisowera anthu odziwa kuloweza. Ine ndinayamba kukonda masamu chifukwa cha mwala wosadyedwa, ndipo malikisi anga a teremu yathayi akwerako, ngakhale sanafike pamene ndifuna.

Wina usiku uja ananenanso kuti za nyenyezi nza Azungu. Ameneyo akafunse agogo ake kumudzi. Iwo adzamuonetsa Nthanda imene imatsogolera m'bandakucha, adzamuonetsa Nsangwe ndi Mlalang'amba, pakuti makolo athu anali kuyang'ana kumwamba ndi kutchula maina kalekale sukulu zisanabwere. Chimene analibe ndi makina ndi manambala. Ngati ife, amene tapatsidwa manambalawo, tileka kuyang'ana kumwamba, ndiye kuti tatsika kuposa iwo, ngakhale tibvale yunifolomu yoyera chotani.

Potero ndiri ndi mapempho awiri. Loyamba likupita kwa Ahedi ndi aphunzitsi athu olemekezeka. Tiloleni tiyambe kagulu ka ophunzira za nyenyezi, ndipo usiku umodzi pa sabata, belu logona lisanalire, mutilole kukhala pa bwalo la mpira kwa theka la ola pamodzi ndi mphunzitsi mmodzi. Sitipempha ndalama. Poyamba tingosowa kope ndi pensulo. Tingathe kujambula malo a Mars kapena Jupiter pakati pa nyenyezi sabata ndi sabata, ndi kuona tokha kuti akusuntha, chimene chiri chiyambi cha ntchito yonse ya Bambo Jackson. Wina atatibwereka timagalasi toonera kutali togwira m'manja, pa nyengo yake tingathe kuona Vesta, umene uli wowala koposa miyala yonse ya m'danga lija. Ndiponso kuli bungwe lotchedwa International Astronomical Search Collaboration, limene limapereka zithunzi za thambo zojambulidwa ku Hawaii kwa magulu a ana a sukulu m'maiko ambiri, a mu Africa omwe, kuti afufuzemo miyala pa kompyuta. Chimene ana a kwina akuchita, ife chingatikanike bwanji?

Pempho lachiwiri likupita kwa inu anzanga, makamaka ang'ono athu a Fomu 1 ndi Fomu 2. Musathawe masamu ndi sayansi chifukwa chakuti akulu anu anakuuzani kuti nzobvuta. Nzobvuta ndithu, sindikunamizani, ndipo inenso zandiliza. Koma yesani kuwerengera kumene ndaonetsa pamwambapa. Mukatha, tengani Jupiter, amene ali pa miyeso 5.2, ndipo mupeze nokha kutalika kwa chaka chake. Amene apeze yankho abwere nalo kwa ine, ndipo tidzakhala tayamba kagulu kathu, angakhale tikhale awiri okha.

Tsono funso la pamutu paja ndiliyankha motere. Lero mwala wotchedwa Zomba suli wathu, koma tangobwereka dzina lathu kwa iwo amene anaupeza. Udzayamba kukhala wathu tsiku limene ana a dziko lino adzatha kunena okha kumene uli ndi kumene udzakhale chaka chamawa. Ndipo ndikhulupirira kuti nthawi idzafika pamene mwana wa kuno adzapeza mwala wina, nadzautsata kufikira utalandira nambala, nadzautcha yekha Mulanje kapena Nyika. Mwina mwanayo alipo kale pakati pathu, ndipo akugona m'kalasi nthawi ya masana atadya nsima ya nyemba. Ngati mwakhala naye pafupi, chonde mʼdzutseni.

Ndine mnzanu,
Wophunzira wa Fomu 3